Njerwa za Mkamwini

Ngalande ya sikimu ya kwa Kamphambe inaima pa chulu, ndipo inaima ndithu, osati zocheza. Kuchokera pomwe anatchinga mtsinje kumtunda, inatsetsereka bwinobwino m'mbali mwa phiri, yomangidwa ndi miyala ndi simenti, n'kudutsa madimba a anthu mmodzimmodzi. Itafika pa chulu chija, miyala inatha. Kumunsi kunatsala dimba limodzi lokha, la malemu mayi Marita, lomwe tsopano linali m'manja mwa mwana wawo Sungeni.

Pangano ndi boma linali losavuta kumva. Boma libweretsa simenti, mapaipi ndi amisiri. Eni mudzi abweretse mchenga, miyala kapena njerwa, ndi manja awo. Mukaunjika zanu, nalo limatsitsa zake. Mukapinda manja, simenti amakwera lole n'kupita kwa ena. Panalinso mfundo ina imene anthu anaiombera m'manja tsiku loyamba asanaiganizire: kumtunda kwa mtsinje asadulenso mtengo ngakhale umodzi, m'malo mwake abzale ina, ndipo m'minda aike akalozera ndi udzu wa vetiva kuti nthaka isamakokoloke. Ndiye taonani pamene panafika nkhani. Miyala yonyamulika yatha, kwatsala matanthwe, ndipo njerwa sungawotche popanda nkhuni.

Koma tisanamizane, miyala ikanapezeka anthu akanafuna. Kuseri kwa phiri inalipo. Vuto linali misana. Kwa Kamphambe kunagwa matenda odabwitsa chaka chimenecho: madzi akangofika pa dimba la munthu, mawa lake msana wayamba. Obwera kuntchito anachepa sabata ndi sabata, mpaka pa chulu panatsala a Zikhalo, bambo ake a Sungeni, ndi amisiri a boma atakhala pa matumba a simenti, kuseweretsa mafoni.

A Zikhalo anali mkamwini. Anachokera kuseri kwa Kasina ali mnyamata wa ndevu zowerengeka kudzakwatira Marita, ndipo anakhala pamudzi pa akazi awo mpaka imvi mbuu. Munda, dimba, malo a nyumba, zonse zinali za mbumba ya kuchikazi, ndipo woyang'anira mbumbayo anali a Gervazio, mlongo wake wa Marita, amenenso anali wapampando wa komiti ya sikimu. A Zikhalo ndi a Gervazio sanayambanepo poyera. Moni ankapatsana, kutchalitchi ankakhala benchi limodzi. Koma pakati pawo panali nkhani ya mtengo wa pichesi.

Chaka chomwe Sungeni anabadwa, a Zikhalo anasangalala mpaka kuiwala malire. Anabwera ndi kambande ka pichesi kuchokera kwawo, n'kukabzala kuseri kwa nyumba. Kanagwira, kanaphukira masamba. M'mawa wina a Gervazio anafika n'kuima pambali pake, manja ali kumbuyo.

"Alamu, mwabzala mtengo?"

"Eee, wa mwanayu. Adzadye mapichesi."

"Mtengo umazika mizu, alamu. Kuno wobwera amabzala chimanga ndi nyemba. Mitengo timabzala eni ake."

Anakazula okha a Zikhalo, ndi manja awo, kuti asawapatse ntchito alamu awo. Kuyambira pamenepo sanabzalenso mtengo pamudzipo. Ngakhale tsiku lobzala mitengo ya sikimu kumtunda kwa mtsinje, zinthu zinayenda mwa kale popanda wolamula: akamwini kukumba maenje, eni mudzi kuika mbande. Alangizi a zamthirira, mayi Jesinta, anadabwa n'kufunsa kuti ntchito yagawidwa chonchi bwanji, anthu n'kungoseka. A Zikhalo anakumba maenje ambiri kuposa wina aliyense, anapala dothi ku khasu lawo, n'kubwerera kunyumba.

Tsopano Marita anali atapita. Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chatha, ndipo mwambo wosudzula unali pakhomo, pomwe abale a mkazi amamasula mwamuna kuti ukwati watha, abwerere kwawo. A Zikhalo ankadziwa. Mudzi wonse unkadziwa. N'chifukwa chake akamwini anzawo ankawagemula akawaona akutsika phiri mwala uli paphewa.

"Achimwene, mukufera ngalande ya eni? Madzi akewo adzakutumizirani pa foni ku Kasina?"

A Zikhalo ankangopitirira ndi mwala wawo. Chimene ankachiona iwo enawo sankachiona. Zaka zonsezo Marita ankatsika kumtsinje ndi makeni, kukwera nawo chitunda kudzathirira kachewere, kutsikanso, kukweranso, mpaka phewa limodzi linagwa kusiya linzake. Pa maliro, amayi omuveka anavutika kuti diresi ikhale bwino paphewapo. Ndiye lero Sungeni, khanda lili kumbuyo, anali atayamba kuyenda mopendekeka chimodzimodzi mayi ake. Zimenezi zinkawadya a Zikhalo mumtima usana wonse.

Tsiku lina mayi Jesinta anafika pa njinga yamoto, anayang'ana pomwe ngalande inathera, n'kupukusa mutu. Anaitanitsa komiti ndi anthu pa chulu pomwepo.

"Ndinene mosabisa," anatero. "Simenti wa mbali yotsalayi alipo, ndi uyu mukumuonayu. Koma sindingamusiye pano kuti aume m'matumba. Mvula ikayandikira zanu zisanaunjikidwe, lole ibwera kudzamutenga, ndipo amisiriwa akudikiridwa kwina. Si nkhanza ayi, ndi pangano lomwe lija."

A Gervazio anatsokomola kaye. "Amayi, tayesetsa. Anthu atopa. Komanso pa chulu pano ndi pafupi, Sungeni azitunga pompano ndi makeni. Kale ankatsika mpaka kumtsinje, ndiye apa wapepukidwa."

"Wapepukidwa?"

Anthu anatembenuka, chifukwa pa misonkhano ya kwa Kamphambe mawu amenewo sankamveka. Anali a Zikhalo, ataimirira kumbuyo, chipewa chili m'manja.

"Mwana ameneyu wasenza mchenga kuyambira kumtunda. Ngalande ya aliyense wakhala panoyu muli thukuta lake. Lero ake akhale makeni?"

"Alamu," anatero a Gervazio, osakweza mawu, "za pamudzi pano tizikambirana ife."

Aaa, mawu amenewo! Makutu a a Zikhalo anatentha, koma anameza. Anangotembenukira kwa alangizi.

"Amayi, njerwa zakale mumalandira? Zowotcha kalekale, kutali ndi mitengo ya kuno?"

"Zikakhala zopsa bwino, tikanirenji? Timamanga n'kupaka simenti mkati, madzi amayenda."

"Lole muiuze idikire."

Pali chinsinsi china kumapiri kuno chimene aliyense amachidziwa. Mkamwini wanzeru amakhala ndi uvuni wa njerwa kwawo. Amaumba pang'onopang'ono akapita kukaona abale, amawotcha, n'kufunditsa udzu, kudikira tsiku lomwe adzauzidwe kuti zikomo, mwagwira ntchito. Kwa akazi awo sanena, akaziwonso amadziwa koma safunsa. A Zikhalo anali nawo uvuni wawo, kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo Dorika. Njerwa zofiira psuu, zolira ngwee ukazigogoda. Imeneyo ndiyo inali nyumba ya ukalamba wawo, yongodikira mmisiri.

A Zikhalo atafika nayo nkhaniyo kwawo, Dorika anaponya lichero pansi, nyemba mbwee.

"Achimwene, mwapenga? Mwapenga ndithu! Anthu akukonzeka kukuperekezani, inu mukawasiyire nyumba?"

"Sindikupatsa iwo. Ndikupatsa Sungeni."

"Sungeni ndi wa eni! Mbumba yanu ndi ino, ana anu ndi awa akusewera apawa. Njerwa zimenezi ndazilondera ine zaka zonsezi. Ofuna kugula ndabweza, a tchalitchi ndabweza, mwana wanga yemwe ndam'kaniza. Nanga mukabwera mudzagona pati? M'khitchini ndi nkhuku?"

"Ngati muli malo."

"Tamverani! Ati ngati muli malo!"

"Dorika," anatero a Zikhalo motsitsa, "mapewa a mlamu wako unawaona."

Dorika anawerama n'kuyamba kutola nyemba zake. Analalata mpaka dzuwa kupendeka, kutchula amayi awo, agogo awo, ndi aliyense wa kumanda amene akanamva manyazi ndi uchitsiru wotere. Koma m'mawa mwake ngolo ya amuna ake inali itaima pa uvuni, ng'ombe zili m'goli, ndipo amene anali pamwamba kupatsira njerwa anali Dorika yemweyo, akulalatabe.

Polowa kwa Kamphambe pali kanjira kodutsa kuseri kwa minda, koti munthu n'kufika pa chulu wina osamuona. A Zikhalo sanadzere kumeneko ayi. Anadzera pakati penipeni pa mudzi, masana dzuwa lili pamutu, atavala jekete lawo la kutchalitchi, chikwapu chili paphewa, ngolo ikulira kwee kwee pambuyo pawo. Pa golosale, pomwe akamwini anzawo ankasewera bawo, masewero anaima. Mmodzi anaimirira nkhomo zili m'manja.

"Achimwene, si uvuni wa kwanu umenewu?"

"Ndi womwewo."

"Nanga akakusudzulani?"

"Adzasudzula ine. Madzi azidzayendabe."

Ulendo uno panalibe woseka. Aliyense anagwetsa maso pa bawo, akuganiza za uvuni wake.

Amene anavuta anali Sungeni. Anathamanga kuchoka kudimba, matope ali m'miyendo, n'kuima kutsogolo kwa ng'ombe.

"Ababa, ayi. Bwezani. Makeni ndinawazolowera ine."

"Chimene chikundiwawa n'chimenecho, kuti unawazolowera."

"Nanga inu mukakhala kuti? Azakhali akakusungani m'chiyani?"

"Iwe, ndinakubereka kuti uzindifunsa kogona? Pinda nkhata, tsitsa njerwa, ng'ombezi zibwererenso lero."

Anatsitsa akulira, misozi ikusiya mizere pa fumbi lofiira la kumaso. Ngolo inapita, inabwera, inapitanso, kukwera zitunda ndi kutsika, masiku angapo, mpaka mulu wa pa chulu unatalika kuposa chulucho. A Gervazio sanayandikire. Ankaima m'dimba mwawo kumtunda atatsamira khasu, kuonerera, ndipo a Zikhalo akadutsa ankapatsana moni monga mwa nthawi zonse.

Amisiri anaika mafoni m'matumba. Wamkulu wawo anatola njerwa ziwiri n'kuzigundanitsa, ngwee.

"Madala, izi si za ngalande. Izi ndi za nyumba ya bwana."

"Mangani," anatero a Zikhalo, koma kumwetulira kunawapulumuka. Dothi la njerwa zimenezo anaponda okha, moto wake anasonkhezera okha, ndipo anali asanamvepo munthu akuziyamikira.

Ntchito inathamanga. A Zikhalo kupatsira njerwa, Sungeni kusenza mchenga, amisiri kuyala ndi kupaka. Mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa Phiri la Dedza madzulo, koma lole ya mayi Jesinta sinabwere. Njerwa iliyonse ikamakwiriridwa ndi simenti, a Zikhalo ankadziwa kuti apa papita zenera, apa papita khonde, apa chipinda chogona. Kunena kuti sizinkawawa kungakhale kunama. Zinkawawa ndithu. Ngalande itafika pa ngodya ya dimba la Sungeni, njerwa zotsala sizikanamanga ngakhale khola la nkhunda.

Tsiku lotsegula madzi, misana yonse ya kwa Kamphambe inachira. Anthu anadzaza pa chulu, ena atavala zitenje zatsopano, okonzeka kuvina. Mayi Jesinta anakodola Sungeni kuti akoke yekha chitseko cha madzi. Anakoka. Poyamba kunabwera tizinyalala, masamba ouma ndi nyerere, madzi akuzikankha pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi. Kenako waa, ngalande inadzaza.

A Zikhalo sanavine. Anayenda m'mbali mwa ngalande limodzi ndi mutu wa madziwo, manja ali kumbuyo, osafulumira, mpaka kumunsi. Anaona madzi akukhota pa ngodya, akulowa m'mizere ya kachewere, nthaka youma ikumwa n'kuda bii. Nthungululu ya Sungeni inamveka mpaka kutsidya. Ananyada a Zikhalo tsiku limenelo, kunyada kwenikweni, kodzaza chifuwa mpaka kupuma kuvuta. Anavula chipewa n'kunena motsitsa, "Marita, taona." Atatero anatola makeni aja pomwe anali gone n'kukawakoleka pa chikhomo cha mpanda.

Mwambo wosudzula unachitika pasanapite nthawi, m'mawa wa tsiku lotsatira misa yokumbukira malemu. Dorika anabwera ndi abale angapo a ku Kasina, nkhope ili ndwii, n'kukhala pamphasa moyang'anizana ndi a kuchikazi. A Zikhalo anali atamanga kale katundu wawo: thumba la zovala, wailesi, khasu ndi nkhwangwa. Sanafune kuti wina adzawakumbutse zolongedza.

A Gervazio anayankhula monga mwa mwambo. Anathokoza kuti mlongo wawo anasungidwa bwino, anadwazikidwa bwino, anaikidwa mwaulemu. Ananena kuti kumbali yawo kulibe mlandu, ndipo kuyambira lero a Zikhalo ndi mfulu. A Zikhalo anaomba m'manja katatu n'kuyankha kuti zikomo. Sungeni anali kuseri kwa nyumba, chitenje chili kukamwa.

"Tisanapitirire," anatero a Gervazio akuimirira, "alamu, tatiyeni kudimba. Nonse tiyeni."

Anthu anayang'anana. Zimenezi m'mwambo mulibe. Koma anatsata, kutsika m'mbali mwa ngalande, kudutsa pa chulu, mpaka pa ngodya ya dimba la Sungeni. Pamenepo panali dzenje latsopano, lokumbidwa bwino, manyowa ali pambali. Apo m'pamene a Zikhalo anaona kuti mawondo a buluku la alamu awo anali ndi dothi lofiira. Pambali pa dzenjelo panali kambande m'chubu chakuda, masamba ake aatali, osongoka. Munthu wa ku Dedza sasokoneza pichesi ndi mtengo wina.

A Gervazio anakatola ndi manja awiri. Anatsokomola monga amachitira.

"Dzenje ndakumba ine," anatero. "Kuika muike ndinu."

Madzi okha ndi amene ankamveka m'ngalande. A Zikhalo anayang'ana kambandeko nthawi yaitali osatambasula dzanja. Zaka zonse zija zinabwera m'maganizo, ndipo sanafune kuti alandire msanga ngati munthu wopemphetsa.

"Alamu, mtengo umazika mizu."

"Ndikudziwa."

"Ndiponso umafuna wouyang'anira tsiku ndi tsiku. Mbuzi za kuno n'zopanda mwambo."

"N'chifukwa chake ndikupatsa inu," anatero a Gervazio, maso ali pansi. "Tengani, alamu, manja atopa."

"Ndiye khitchini yanga ndasesera chabe?" anatero Dorika kumbuyo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anthu anaseka, ena akufwenthera.

A Zikhalo analandira. Anagwada ndi jekete lawo la kutchalitchi lomwelo, anang'amba chubu mosamala kuti dothi lisagumuke, anaika mtengowo pakatikati pa dzenje, n'kukwirira, kutsendera ndi zikhatho mbali zonse. Mtengowo unaima chilili.

Sungeni, mwachizolowezi, anathamangira ku mpanda kukatsitsa keni.

"Iwe, siya zimenezo," anatero a Zikhalo, akadali chigwadire. "Tsegula ngalande."